Utuchi m'giyabokosi ya alamu anga

Nthawi ya Chitaganya, Chipata isanasiye dzina la Fort Jameson, ndinkakonza magalimoto pa galaja ya mmwenye wina pafupi ndi msika. Ntchito yanga yambiri inali ya makutu. Galimoto ikabwera ndi phokoso, ndinkailiza itaima, giya ili pa nyutulo, kenako n'kuponda klatchi. Phokoso likayamba utaponda, ndiye kuti beringi ya klatchi yatha, ntchito yaing'ono. Koma likakhalapo kale n'kuleka ukaponda, matenda ali m'kati mwa giyabokosi.

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, anali ndi kalole kakale konyamulira fodya. Tsiku lina anabwera nako kakulira ngati chigayo. Nditaponda klatchi kanati zii. Nditachotsa phazi kanayambiranso.

"Alamu, giyabokosi yatha iyi," ndinawauza. "Beringi ya m'kati yadyeka, ndipo giya yachiwiri ikukukuta mano."

"Zimenezo ndikuzidziwa," anatero. "Ndikufuna kukagulitsa. Ingokachitani zoti kakhale chete mpaka wogula akafike kwawo."

Ndinakana. Iwo anaseka, nati ndayamba ubusa, n'kumapita.

Nyengo yogulitsa mtedza itafika, ndinakaonanso kalole kaja. Kanalowa pa galaja kakukokedwa ndi ng'ombe, fumbi lokhalokha. Mwini wake tsopano anali bambo wina wachikulire wa ku Kasenengwa, mlimi wa mtedza. Anati kanawafera panjira katasenza matumba awo ndi a anansi, giya osalowa iliyonse, ndipo kanakhala padzuwa mpaka atapeza ng'ombe.

Ndinalowa pansi n'kumasula nati yotulutsira oilo. Sipanatuluke kanthu, ngakhale dontho. Nditachotsa chivundikiro, fungo linandimenya kumaso moti ndinakwawa kutuluka n'kukasanza kuseri kwa galaja. M'katimo munali phala lakuda lolimba. Unali utuchi wosakaniza ndi mafuta a ng'ombe ndi nthochi zoponda, zonse zitapsa kenako n'kuola. Ntchentche zinasonkhana ngati tapha mbuzi. Anzanga a ntchito anathawira kumsewu atagwira mphuno. Supuni sikanatha kufika m'makona, choncho ndinakumba ndi manja, ndipo m'phalamo ndinkatola mano a giya othyoka ngati miyala mu mpunga.

Ndinawaonetsa achikulirewo zimene zinali m'chitini chomwe ndinathiramo phalalo. Anayang'ana nthawi yaitali osatembenuza nkhope.

"Amisiri, ndiye munakaona bwanji poyamba paja?" anandifunsa mofatsa.

"Ine, bambo?"

"Ogulitsawo anati ndinu alamu awo. Anati munakamvetsera nokha n'kunena kuti kali bwinobwino. Ndinagula chifukwa cha dzina lanu. N'chifukwa chake ndabwera kuno."

Ndinawafotokozera zonse monga zinachitikira. Sanakalipe. Anangoti anansi awo akuwayesa wakuba, chifukwa matumba ena anasowa panjira paja.

Lamulungu lake ndinapita kwa mlongo wanga. Ndinapeza alamu angobwera kutchalitchi, ali mu suti, akudya nkhuku. Fungo linali lisanachoke m'zikhadabo zanga, ngakhale ndinakwecha ndi palafini ndi mchenga. Ndinawatambasulira manja pafupi ndi mbale.

"Nunkhizani, alamu. Ntchito yanu iyi."

"Aa, tikudya pano," anatero akukankha dzanja langa. "Munthu uja ali ndi makutu ake. Anamvetsera yekha, kanali chete."

"Nanga dzina langa munalitchuliranji?"

"Dzina limatha ngati sopo? Si ili muli nalobe?" Anatola fupa n'kuyamba kuliyamwa, mafuta akutsikira kuchibwano.

Mlongo wanga anandikokera panja n'kundipempha kuti ndisachititse banja manyazi, poti amuna ake anali pafupi kusankhidwa ukulu wa mpingo. Anandikulungira ntchafu ya nkhuku m'pepala. Ndinaisiya pakhonde.

Kuseri kwa galaja kunali lole ina ya mtundu womwewo imene inagubuduzika m'mapiri a msewu wa ku Lusaka. Mmwenye uja anandilola kuchotsamo giyabokosi, mwina pofuna kuti chonunkhacho chichoke pakhomo pake msanga. Ndinaimanga m'kalole kaja. Nayonso inkalirako pang'ono pa giya yachitatu, ndipo ndinawauza achikulirewo asanakwere. Anagwedeza mutu movomera, mwana wawo amene anabwera naye n'kuliza injini, ulendo wa ku Kasenengwa.

Alamu anasankhidwadi ukulu uja. Chaka chotsatira anagula galimoto yabwinoko, ndipo ankaikonzetsa ku galaja ina. Tinkakumana pa maliro ndi pa maukwati, n'kupatsana moni wa pakamwa. Kunyumba kwawo sindinadyekonso.