Mmawa umene tinaimbira ogonja

Ndikukumbukira bwino lomwe kuti ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene fungo lija linalowa m'nyumba mwathu ku Manassas, m'dziko la America, mlendo ali pambuyo pake. Ndisamunamizire, mlendoyo sankanunkha ayi, chinkanunkha ndi chikwama chake. Aliyense amene anasewerapo hoke ya pa ayezi akulidziwa fungo limeneli, thukuta la miyezi yambiri lomwe lalowerera m'magolovesi ndi m'zotchingira miyendo, loti ngakhale uchape chotani silichoka. Amayi atatsegula chitseko anagwira mphuno, kenako anaisiya msanga poopa kuchititsa mlendo manyazi.

"Takulandira, mwanangu," anatero. "Tadala, chikwamacho pakhonde."

Tadala ndine. Hoke ndinaiyamba chifukwa cha mnzanga wa kusukulu, ndipo amayi, omwe ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ankaitcha masewera othamanga ndi mipeni kuphazi. Ine ndinkakhala pagolo. Azimayi a kutchalitchi ankandiseka kuti goloboyi wamkazi, koma sindinkawalabadira. Vuto langa linali limodzi: ndinali ndi mtima wapachala. Tikagonja ndinkakhala duu m'galimoto njira yonse, ndipo amayi akayesa kundilankhula ndinkangoyankha mawu amodzi, m'Chingerezi, nkhope ili kuwindo.

Chaka chimenecho kochi wathu analengeza kuti kukubwera timu ya atsikana ya dziko lina lotentha la kum'mwera kwa America. Dzina la dzikolo ndilisunga, atsikanawo anagonja mokwanira, ndisawawonjezere. Mipikisano ya hoke ya mayiko ili ngati makwerero. Pamwamba pali mayiko ozizira omwe mumawaona pa kanema, ndipo pansi penipeni pali mayiko omwe ana awo ambiri ayezi amangomuona mufiriji. Alendo athuwa anali a pansi penipenipo. Kwawo kunali kabwalo kamodzi kakang'ono, m'kati mwa nyumba ya masitolo, ndiye anabwera kudzazolowera bwalo lalikulu kwa sabata asanakwere ndege kupita ku Ulaya kumpikisano. Kochi anapempha makolo kuti aliyense atengeko mtsikana mmodzi. Dzanja la amayi linakwera loyamba.

"Amayi, nanga agona pati?" ndinanong'ona.

"Nyumba sichepa, umachepa ndi mtima," anatero. "Ugona pansi."

Wathuyo anali Lusiya, wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, nayenso wa pagolo. Chingerezi chake chinali chongotolatola, ine Chisipanishi ndinalibe ndi dontho lomwe, koma tinkamvana. Amayi ankamutcha achemwali ako, ndipo pa tsiku lachiwiri anali atadziwa kale pomwe pankakhala mandasi. Zotchingira miyendo zake zinali zakale, zomata ndi tepi paliponse. Madzulo ankandiimika pabalaza, n'kumandikankha mawondo ndi phazi mpaka nditaima momwe wa pagolo amaimira, kenako n'kumandigenda ndi masokosi opindidwa. Ndikawaphonya ankaseka, ine n'kukwiya, iye n'kusekanso kwambiri.

Mmawa uliwonse ankaimba kubafa. Inali nyimbo imodzimodziyo, yoyenda pang'onopang'ono, yokwera kumapeto mpaka mawu ake kuthawa. Tsiku lina tikupita kubwalo amayi anamufunsa kuti inali nyimbo yanji. Lusiya anafotokoza ndi manja komanso timawu take tochepato kuti inali nyimbo ya fuko lawo. Kumipikisano imeneyi, masewero akatha, matimu onse awiri amandanda pa ayezi, amavula zisoti, mbendera ya opambana imakwezedwa ndipo nyimbo ya fuko lawo imaimbidwa pa zokuzira mawu. Ya opambana okha. Iye anali atapitako kale zaka za m'mbuyo, ndipo nyimbo za mayiko ena ankazidziwa pamtima chifukwa chozimva ali chiimire. Yakwawo inali isanamvekepo. Chaka chimenecho chinali chake chomaliza, chifukwa chaka chotsatira akanakhala atapitirira zaka zololedwa m'timuyo.

"Kamodzi kokha," anatero, chala chili m'mwamba. "Ndiimve kamodzi kokha."

"Nanga ogonjawo amangoima chabe?" anafunsa amayi.

Lusiya anagwedeza mutu kuvomera. Amayi anangoti, "Mmm," n'kupitiriza kuyendetsa. Amene anakulira m'nyumba ya mayi wachimalawi akudziwa kuti mmm wotereyu sathera pomwepo.

Tinamuperekeza mpaka kubwalo la ndege, amayi atamulongedzera mtedza wokazinga ndi mandasi a paulendo. Nyumba inakhala zii, fungo lokha linatsala pakhonde.

Mpikisanowo tinkauonera pa laputopu. Chithunzi chinkangoimaima, mipando ya oonerera inali mbee, kupatula makolo ochepa ofunda majekete. Masewero oyamba anagonja. Achiwiri anagonja moipa. Achitatu sindinawamalize, ndinatseka laputopu ndi ukali, chifukwa kampira kakuda ka hoke kankangomudutsa Lusiya ngati palibe munthu. Koma chomwe chinkandipweteka kwambiri sizinali zigoli. Zinali kumuona pamzere paja, chisoti chili m'khwapa, tsitsi lili chonyowa, ataima njo kulemekeza nyimbo ya eni ake. Ndinkamumvera chisoni kwambiri.

Masiku amenewo amayi anayamba kung'ung'udza kanyimbo posita yunifolomu yawo. Poyamba ndinkayesa ndi ya kwaya, koma itafika pokwera paja ndinaizindikira. Kuntchito kwawo kunali mayi wina, aRosa, wochokera kudziko lomwelo, ndipo amayi anali atamugwira kuti aziwaphunzitsa nthawi ya tiyi, mzere ndi mzere.

"Ndiye mukaiimbira kuti?" ndinafunsa.

"Sita malaya ako," anatero.

Masewero omaliza anali Loweruka mmawa, ndipo anakumana ndi timu ina yomwe nayonso inali isanapambaneko. Amayi anasinthana tsiku ndi mnzawo wa kuntchito. Kunabweranso aTembo, bambo wa ku Zambia wa kutchalitchi kwathu, omwe ankandiperekeza kubwalo amayi akakhala pantchito. Kunja kunkagwa chipale chofewa, m'nyumba munkanunkhira tiyi wa mkaka yemwe palibe anamumwa.

Abale, Lusiya anasewera tsiku limenelo! Anatchinga ndi ndodo, ndi mwendo, ndi chifuwa, kamodzi mpaka ndi chisoti. Zigoli zinali zofanana nthawi itatsala pang'ono kutha, ndipo amayi, omwe malamulo a hoke sankawadziwa, ankangoti, "Yesu, Yesu," manja ali pamutu. Kenako panachitika chipwirikiti pagolo pake, miyendo ndi ndodo zokhazokha, ndipo kampira kanakwawa pansi pa bondo lake n'kulowa. Sikanathamange n'komwe. Kanangolowa pang'onopang'ono.

"Awe, aba bana bayesa, mwe," anatero aTembo motsitsa m'kalankhulidwe ka kwawo, kutanthauza kuti anawo ayesetsa.

Ine ndinalira. Pa laputopu atsikana anandanda, mbendera ya eni inakwera, nyimbo ya eni inamveka, ndipo Lusiya anaima njo mpaka kumapeto. Mwayi wake womaliza unali utapita.

Amayi anadikira mpaka atsikana atachoka pa ayezi, kenako anandipatsa foni. "Muimbire. Ija yoonana nkhope."

"Amayi, musiyeni," ndinatero. "Munthu akagonja safuna kulankhula ndi aliyense." Apa ndinkalankhula ngati katswiri, chifukwa ndinkadzidziwa.

"Kwathu munthu akagwa m'pamene timapitako," anatero. "Wopambana ali nawo kale anthu. Imba."

Foni inaitana nthawi yaitali. Atayankha anali m'chipinda chovulira, atakhala pabenchi, zotchingira zikadali m'miyendo, maso ali psuu. Anayesa kumwetulira koma zinakanika. Amayi anadzuka, anamanganso chitenje chawo bwinobwino, n'kunena kuti, "Tiyeni tiimirire." ATembo anaimirira, kapusi kali m'manja. Apa m'pamene ndinazindikira chomwe ankafuna kuchita, ndipo manyazi anandigwira.

"Koma amayi, lamulo lake ndi la opambana okha."

"Limenelo ndi lamulo la pa ayezi," anatero. "Muno ndi m'nyumba mwanga. Gwira bwino foniyo."

Ndipo anayamba. Anaimba ndi mawu awo okhuthala a kukwaya, Chisipanishi chotuluka pa lilime la ku Zomba, dzanja lili pachifuwa, maso ali tsinzini. Lusiya anagwira pakamwa. Kenako anadzuka movutikira ndi zotchingira zake zija, n'kukweza foni m'mwamba kuti anzake amve. Ndinaona mtsikana wina akusiya kumasula nsapato n'kuimirira, wina amene ankalirira m'thawulo anatukula mutu, nayenso n'kuimirira. Amayi atafika pakati anasochera, mawu anawathawa, ndipo ndinati basi tachita manyazi. Koma pomwepo atsikana aja anailandira. Anaitenga onse pamodzi, mawu osasa ndi kulira, ikutuluka pa kafoni kakang'ono mochedwerapo, moti ife ndi iwo sitinkagwirizana n'komwe. Mawu ake ine sindinkawadziwa, koma kayendedwe kake ndinali nditakamva kubafa sabata yathunthu. Ndinang'ung'udza nawo.

Itatha, amayi anaimba nthungululu yoti anthu a nyumba yoyandikana anagogoda khoma. Atsikana aja anaphulika kuseka, misozi ikadali m'masaya. Lusiya anayandikitsa nkhope yake pafoni n'kunena mawu awiri a Chichewa omwe anaphunzira kwathu: "Zikomo, amayi."

Monga wosewera, Lusiya nyimbo yake sanaimvepo pa ayezi. Zimenezo sizinasinthe, ndipo amayi sananamizire kuti azisintha. Ndili mwana ndinkaganiza kuti wogonja amafuna kumusiya yekha, chifukwa ine ndinkatseka chitseko. Pano ndikudziwa kuti ndinkatseka chitsekocho ndikumvetsera ngati kubwere wina kudzagogoda, ndipo kuti njira yonse ija ya m'galimoto amayi ankagogoda. Lero ndimaphunzitsa ana aang'ono hoke Loweruka lililonse, ndipo timagonja kawirikawiri. Masewero akatha sindiyambira kwa amene wagoletsa. Ndimapita kaye pagolo, kwa kamwana komwe kawerama m'chisoti, ndipo ndimakhala pomwepo ngakhale kasandiyang'ane.

Lusiya naye ndi kochi tsopano, wa timu yomwe ija ya atsikana a kwawo. Chaka chatha, mmawa wina tili kukhitchini, foni ya amayi inaitana. Anali iye, ali pa ayezi, kumbuyo kwake atsikana atandanda zisoti zili m'khwapa, mbendera ya kwawo ikukwera pang'onopang'ono. Anali atapambana.

"Amayi," anakuwa, "imirirani!"

Amayi anaika kapu pansi, anagwira tebulo chifukwa mawondo ayamba kuvuta masiku ano, n'kuimirira. Anaimvera nyimboyo yonse mpaka pokwera paja, milomo ikutsatira mawu omwe ndinkayesa anaiwala kalekale. Itatha anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Yamveka bwino," anatero. "Koma ife tinaiimba bwino kuposa pamenepa."