Mtedza Wosankhira Mlendo

Tsiku limene Pulofesa Haswell anamuitanitsa ku ofesi, Olipa Mtonga anali atayamba kale kulemba "Dr." patsogolo pa dzina lake pamapepala otaya, ati kuzoloweretsa dzanja. Pulofesayo sanamupatse ndi mpando womwe.

"Mikodzo ya ana ikuonetsa poizoni wa chuku. Koma mtedza umene mukuti amadya ulibe kanthu. Ndiye poizoniyo akugwa ndi mvula? Mwasokoneza mabotolo inu. Zikakanikanso nyengo ikubwerayi, maphunziro anu athera pomwepo."

Olipa anali mwana wamasiye wa ku Chikomeni, woleredwa ndi azakhali ake, a Jenala. Ku yunivesite ku Lusaka analowa atabwereza mayeso. Ntchito yake inali kuyeza timankhwala ting'onoting'ono timene thupi limatulutsa, kuti adziwe chimene mwana wadya ndi chimene chikumudya mwanayo. Tsikulo analira mu labotale, pafupi ndi makina odula kwambiri amene sadziwa kupepesa.

Nthawi yokolola anabwerera kumudzi pa minibasi. Anapeza a Jenala akusenda mtedza: wabwino m'thumba, wofota ndi wachuku m'lichero.

"Ankhazi, izi zoola mutaya?" Olipa anafunsa azakhali akewo.

"Titaye? Walemela liti iwe? Zabwino ni zogulitsa. Izi tisinja, tithila mu ndiwo na mu phala ya bana."

Olipa anakumbukira mtedza wopanda chilema umene anauyeza ku Lusaka. "Nanga nshawa zija munanipatsa chaka chatha?"

"Unabwela na motoka ya univesiti, chikhoti choyela, magolovesi monga ufuna kubeleketsa ng'ombe. Mudzi onse tinakusankhila imozi-imozi. Unafuna bakatiseke ku Lusaka ati ku Chikomeni tidya zoola?"

Olipa anakhala pansi padothi n'kuseka mpaka misozi. Mabotolo sanasokonezeke. Anangolandiridwa bwino.

Chikhoti chija anachipinda, namanga chitenje. Anayenda khomo ndi khomo, kuthandiza kusenda, kenako n'kupempha kadzanja ka mtedza umene ukupita mumtondo. Ena anamukaniza, ati akufuna kuwachititsa manyazi. Bambo wina anauza mkazi wake mokweza kuti sukulu ikachuluka imapengetsa. M'mawa mwake Olipa anabweranso pakhomo lomwelo, ndi moni yemweyo.

Ku Lusaka, mzere wa pakompyuta woonetsa kuchuluka kwa poizoni mumtedzawo unakwera ngati chulu. Poizoni wa mumtedza anagwirizana ndi wa m'mikodzo. Olipa analuluta nthungululu mu labotale, kenako anatonthola atakumbukira kuti mzerewo ndi phala la ana akwawo.

Pulofesa Haswell anayang'ana zotsatirazo, nakonza magalasi. "Inde. Ndinkaganiza choncho kuyambira kale."

Lero Dr. Mtonga amaphunzitsa pa yunivesite ndipo ali ndi ophunzira ake ofufuza. Nyengo yokolola amapita kwawo ku Lundazi kukakambirana ndi alimi za kuumitsa bwino mtedza ndi kupatula wachuku usanafike m'phala. Si onse amamvera, koma mabotolo a m'midzi ingapo ayamba kuonetsa poizoni wochepa.

Inu amene mayeso akubwezani, kapena ntchito yakukanikani, musathamangire kudzitcha mbuli. Bwererani pamene zinayambira, mukhale pansi, mufunse, ngakhale akusekeni. Osataya mtima nyengo yokolola isanafike.