Mphaka Amene a Daka Anabwera Naye Kumudzi

A Stanislaus Daka anali wothandizira dokotala wa ziweto. Zaka khumi ndi ziwiri ankapalasa njinga pakati pa Petauke ndi Nyimba, kubaya ng'ombe katemera ndi kuzichotsa nkhupakupa. Anali munthu wabwino, koma wouma mutu, ndiponso wosadziwa kunama ngakhale pamene bodza likadawapulumutsa.

Chaka chachitatu cha Chitaganya, dokotala wachizungu anabwera kuchokera ku Fort Jameson, nang'amba mphaka wa dona wina wa paboma, kumuchotsa chiberekero kuti asamaswe. Atasoka anauza a Daka kuti mphakayo asadumphe, asanyambite chilonda, ndipo ulusi auchotse pakatha masiku khumi. Ananena zimenezi phazi lili kale m'galimoto. Donayo anali ku Lusaka, ndipo ofesi inali kachipinda kamodzi kodzaza migolo ya mankhwala a dibi, kopanda khola. A Daka anagoneka mphakayo m'dengu, napita naye kumudzi kwa akazi awo, a Bernadette, kumene ankakhala chikamwini.

Azimayi ataona mimba yometedwa ndi ulusi wakuda anafunsa chomwe chachitika. A Daka, m'malo monena kuti galu anamuluma, anafotokoza zonse mpaka kuloza ndi chala pamene chiberekero chinali. Chaka chimenecho mphekesera inali ponseponse kuti azungu a Chitaganya akuthira mankhwala m'shuga kuti akazi achikuda asamabereke. Tsono a Bernadette anali atatha zaka zinayi m'banja opanda mwana, ndipo mwamuna wawo ndiye yekha m'mudzimo amene ankabwera ndi shuga kuchokera kuboma.

Palibe anawatukwana. Anthu anangosiya kudzapala moto panyumba pawo. Moni unafupika. Tiyi wa a Bernadette anayamba kuzizira m'kapu osamwedwa, ndipo a Daka, maso ali pachilonda cha mphaka, sanaone kanthu.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi kunabwera a Abraham, amalume a Bernadette, amene ndiwo anali nkhoswe ya ukwatiwo. Anakana mpando.

"Bambo Daka, taona kuti azungu anu ayesela pa pusi, mphaka wanuyu. Kamutayeni kuthengo lelo, kapena mubwelele kwanu."

A Daka anachita mantha, pakuti akazi awo ankawakonda kwambiri. Komabe anayankha kuti kwatsala masiku anayi okha, ndipo mphaka wa chilonda chachiwisi akamutaya afa ndi mphutsi. A Bernadette anawachonderera misozi ili m'maso. A Daka anaganiza kuti chilonda chikapola, anthu adzaona okha kuti palibe choopsa.

Tsiku lakhumi anadula ulusi kuseri kwa nkhokwe. Chilonda chinali chitauma bwinobwino, ndipo anasangalala. Potulukira pabwalo anapeza bulangeti lawo, nsapato ndi chitini cha shuga zitasanjidwa pafupi ndi njinga. Mudzi wonse unali zii, ngakhale unali usana.

A Bernadette anali pakhomo la amayi awo. A Daka anayembekeza kuti anena kuti abale awakakamiza, ndipo kuti mawu a abalewo akatha mphamvu adzawatsatira pambuyo. Koma a Bernadette anafunsa motsitsa mawu, akuyang'ana pansi.

"Ndiuzeni chabe zoona, a Daka. Ine munayamba liti kundithilila?"