Nkhokwe Yopanda Chimanga ya a Kaliati

A Kaliati anabwerako kunkhondo mu 1946 ali ndi chifuwa chosatha ndi magalasi oonera patali osweka diso limodzi. Anzawo ankagula njinga ndi makina osokera. Iwo anangobwerera kuchikamwini kwa Mkhumba, kwa akazi awo a Belita, khosi lili m'mwamba. Ankati pasitima yapamadzi anaona mwezi m'magalasimo uli maenje okhaokha ngati munda wofukula nguluwe, ndipo chiyambire pamenepo mtima sunakhalenso pansi.

Chowavuta chinali mphepo yotsika m'phiri, yomwe inkawatsokomoletsa akakhala pabwalo usiku kuyang'ana nyenyezi. Ndiye analuka nkhokwe yaikulu yansungwi, naimata bwinobwino. Denga analisiyira mpata ngati khomo, nalikhazika pamkombero woti akalikankha ndi phewa ali m'kati lizizungulira kutsata nsangwe kapena nthanda. M'katimo munali chitsa chokhalapo, basi. Anthu ankaseka, a Belita nkumati anakwatiwa ndi kadzidzi. Pokhuta kuseka sikuvuta.

Mu 1949 mvula inadula, chimanga chinapserera chisanamasule. Nkhokwe za m'mudzimo zinayamba kupendama, madenga kugwera m'kati, poti palibe amakonza nkhokwe yopanda kanthu. Koma a Kaliati, ataona kuti chiswe chadya denga lawo, anakamweta udzu kudambo nkufolera mwatsopano. Ine ndinkakhala nyumba yoyandikana nawo, ndipo mpaka lero ndikakumbuka udzu wowala uja mtima umandiwawa. Munthu woona maenje a kumwezi analephera kuona maso a anthu anjala.

A Jonasi, mlongo wa a Belita komanso mwinimbumba, anakagwira ganyu kutsidya kwa Apwitikizi nabwerako ndi thumba la makaka a chinangwa. Anagawira alongo awo onse, khomo la a Belita nkulidumpha. Ankati wofolera nkhokwe ali nacho choikamo. A Kaliati anawapempha kuti adzasuzumire okha, koma a Jonasi anati iwo sangachite zamanyazi zosuzumira m'nkhokwe ya mlamu, ndipo wobisa chakudya sabisa pooneka.

Panthawiyo mwana mmodzi yekhayo wa a Kaliati ndi a Belita, Eveles, anali atayamba kutupa miyendo. A Belita anagwada pamaso pa amuna awo.

“Igwetseni nkhokweyi, bambo a Eveles. Aone kuti tilibe, mwina mwanayu amuganizira.”

A Kaliati sanakane. Anangoti mawa, kuti ayambe achotsa denga mosamala lisawonongeke. Mawa lija linabala mawa linzake, iwo akuyendayenda m'thengo kukumba mizu yomwe mwana ankangoisanza. Thumba la a Jonasi linatha, ndipo Eveles anamwalira mvula isanagwe.

Mphasa m'nyumbamo munalibe, anali atasinthitsa ndi gaga. Dzuwa lili paliwombo, anamfedwa ndi anthu ochepa amene anali ndi mphamvu zobwera pamaliro akuona, a Kaliati anakankhira denga lija pansi, natenga chikwanje nkucheka chipupa cha nkhokwe kuti akulungiremo mwana. Dothi lomata linagumuka. Panatsala chitsa chija, ndi magalasi atapachikidwa pakamtengo.

A Jonasi anayang'ana nthawi yaitali.

“Alamu, mukanatiuza.”

“Ndinakuuzani,” anatero a Kaliati, osatukula mutu.

A Belita sanawathamangitse, koma sanawalankhulenso. Patapita miyezi a Kaliati ananyamuka okha kupita ku Migowi, komwe ankamata ndowa zobooka pakhonde la sitolo ya a Ismaili. Magalasi aja sindikudziwa komwe anathera. Ndinkawapeza pamenepo masiku a msika, atawerama, akutsokomola. Alimi owadziwa kale ankawafunsa mocheza ngati kumwamba kukulonjeza mvula. Iwo ankangopitiriza kukhoma ndowa, nkuwauza kuti ayang'ane okha.