Mzere wa Mayi Ake a Kachala

Kwawo amamutchula Kachala, chifukwa anabadwa ndi zala zisanu ndi chimodzi kudzanja lamanzere. Anamwino anakamanga ndi ulusi kachala kapaderako mpaka kanauma n'kugwa, koma dzina linakakamira. Mayi ake sanamuyamwitse n'komwe. Anatsirizika tsiku lomwelo, magazi atakana kuleka. Bambo ake anathawa dothi la pamanda lisanaume, ndipo za iwowo tisatayepo malovu. Anamulera ndi agogo ake akuchikazi, m'kachipinda kamodzi kuseri kwa shopu yomata matayala.

Koma mutu, mwanayo anali nawo. Anakalowa ku yunivesite, woyamba pa mtundu wonse, kukaphunzira utolankhani wa manambala: kutenga ziwerengero zouma gwa n'kuzijambula, kuti ngakhale wosapita kusukulu aone yekha pamene pawola.

Chaka chomaliza aphunzitsi anawagawira ntchito ya mayeso. Kachala anamupatsa kaundula wa chipatala china, wa amayi omwalira pobereka pa zaka makumi atatu. Maina anali ofufuta. Mzere uliwonse pa kompyuta unali mayi mmodzi, ndipo mayi aliyense amayenera kusanduka kadontho kofiira pa chithunzi, pa mwezi umene anafa.

Ntchitoyi imayamba ndi chimene iwo amati kuyeretsa. Mzere wopanda tsiku umachotsedwa, poti kompyuta ilibe pouika. Mizere yotere inalipo makumi anayi ndi umodzi. Kachala anakhala m'chipinda cha makompyuta, motentha ngati mu uvuni, akuchotsa umodziumodzi, mpaka anafika pa wina. Tsiku palibe, mwezi palibe, chaka chokha, chimene iye anabadwa. Kumapeto namwino analemba kuti: “Mwana wamkazi, wamoyo. Zala 6 kumanzere.”

“Iwe, wauma bwanji ngati waona mzukwa?” anatero mnzake wa pambali. “Dina batani lochotsera, tizikadya.”

Sanadine. Anapita ku ofesi ya aphunzitsi, bambo a magalasi okhuthala, osaseka wamba.

“Aphunzitsi, mzere uwu ndi mayi anga. Tsiku ndikulidziwa. Ndi tsiku langa lobadwa.”

Bambowo anavula magalasi. “Pepa mwanawe. Koma chimene sichili m'kaundula sitilemba ndi mtima.”

“Agogo analipo. Anawatseka maso ndi manja awo.”

“Ndakumva. Nanga enawo makumi anayi, uli ndi agogo awo? Ukaika wako yekha, wakondera. Ukawaika onse, wapeka. Chotsa, ukhoze mayeso, uzipita.”

Sananame bambowo, ndipo n'zimene zinamupweteka Kachala. Mayi ake anawataya kamodzi pa bedi la chipatala, namwino wotopa anawatayanso poiwala kulemba tsiku, tsono kachitatu akhale mwana wawo yemwe?

Loweruka anapita kunyumba n'kufotokoza. Agogo ake anali kuchapa, sanadzutse mutu.

“Sukuluyo ndinakutumiza kuti ukaphunzire kufufuta mwana wanga?”

“Ayi, agogo. Koma ndikakana ndilephera.”

“Ulephere. Pakhomo pano tinalepherapo zazikulu kuposa pepala.”

Lolemba anapereka ntchito yake. Madontho ofiira anali m'malo mwake, mwezi ndi mwezi. Koma pansi pa chithunzi anaikapo mzere wina wa madontho otuwa, makumi anayi ndi limodzi, ndi mawu akuti: “Awanso anamwalira. Palibe analemba tsiku.”

Oyesa mayeso anati sanatsate malangizo. Anamuuza kuti abwereze phunzirolo. Anzake anavala mikanjo, anajambulitsa, mabanja awo akululutira. Iye anali pa basi yobwerera kwawo.

Kuyambira pamenepo, tchuthi chilichonse amayenda m'makomo a anthu ozungulira chipatala chija, kope m'manja, kufunsa ngati pali amene mwana wake wamkazi anamwalira pobereka, ndi tsiku lake. Ena amamuthamangitsa, ati akudzutsa maliro ogona. Ena amamulowetsa m'nyumba n'kumutulutsira kakhadi ka sikelo kothetheka. Pofika lero wapeza masiku a amayi asanu ndi anayi mwa makumi anayi aja. Tsiku la mayi ake sanalilembebe. Akuti adzalilemba pomaliza, enawo akapezeka.