Tsiku Limene Banjo ya Agogo Chisale Inalira Masana

Ndikakumbukira agogo Chisale, m'makutu mwanga mumalira banjo, ndipo imalira masana, dzuwa lili paliwombo. Mwina inu simukuonapo chachilendo. Koma ku Madumabisa kuno, kompaundi ya kumigodi ya malasha ya ku Wanki, masana ndi usiku wa anthu ena. Azibambo otuluka mumgodi m'mawa amakhala ali mtulo, ndiye palibe wosinja, palibe wowaza nkhuni pakhomo, ngakhale mwana akayamba kulira mayi wake amathamanga naye kuseri kwa nyumba. Agogo Chisale lamulo limeneli ankalisunga kuposa aliyense. Ndiye tsiku limenelo banjo itangoyamba, mothamanga ngati ziboda za mahatchi, ine ndinaima pomwe ndinali, chitini cha malasha chili m'manja.

Sanali agogo athu enieni. Anali a khomo loyandikana nalo, munthu wa ku Kasungu amene anabwera wapansi amayi anga asanabadwe, nakweza malasha m'ngolo mpaka fumbi linawadya chifuwa. Mawu awo anatha, ankalankhula monong'ona ngati ali m'tchalitchi. Ankanunkha fodya wopota ndi utsi wa mbaula, ndipo banjo yawo anapanga okha ndi chigubu cha palafini, chikopa cha mbuzi ndi mawaya a mabuleki a njinga.

Loweruka madzulo kunkabwera bayisikopo pabwalo la kompaundi, chinsalu choyera chomangidwa pamitengo. Makina ake kawirikawiri mawu sankatuluka, ndipo akatuluka chinali Chingelezi cha m'mphuno chimene palibe ankachimva. Agogo ankakhala pabokosi pambali pa chinsalucho n'kumaziimbira zithunzizo. Mkazi akamalira inalipo nyimbo yake, munthu wonenepa akagwera m'madzi inalipo yake, koma imene ana tinkaifera inali ya mahatchi, azungu a zipewa zikuluzikulu akuthamangitsana m'fumbi. Tikangoimva, ngakhale tikusamba, tinkathamanga ndi thovu kumutu.

"Mzungu amangokwera," ankanong'ona agogo, "koma hatchi ndimayendetsa ndine." Kenako kutsokomola mpaka misozi.

Tsikulo amayi anatituma ine ndi mng'ono wanga Rute kukatola timalasha pamulu waukulu kuseri kwa kompaundi, pamene ankataya zotsalira za kumgodi. Tinalipo ana ambiri. Pansi pankatentha, koma ku Wanki pansi pamatentha masiku onse, tinazolowera kuyenda modumphadumpha. Fungo la mazira owola nalonso tinalizolowera. Sitinadziwe kuti muluwo unkayaka m'kati, pamwamba pokha ndiye pouma ngati nkhoko za mumphika. Agogo ali pakhonde pawo anaona kautsi kakutuluka m'ming'alu kumbuyo kwathu. Kukuwa sakanatha, ndipo akanati agogode makomo kudzutsa anthu nthawi ikanatha. Anangotenga banjo, kudzikoka mpaka m'munsi mwa mulu, n'kuyamba nyimbo ya mahatchi ndi mphamvu zawo zonse.

"Bayisikopo! Bayisikopo masana!" anakuwa mtsikana wina.

Tonse zitini uko, liwiro kutsika, tikuseka, tikukankhana. Tinawazungulira agogo n'kuyamba kuvina ngati takwera mahatchi. Iwo sankaseka. Maso awo ankatiyendera mmodzimmodzi, thukuta likutsikira m'ndevu. Ine ndinatembenuka kuti ndimugwire Rute dzanja, koma Rute panalibe.

Anali atabwerera kukatenga chitini chake. Amayi ankamenya munthu akataya chitini, ndiye iye anaopa. Anadzera njira yachidule, pomwe panali kautsi paja. Ndinamuona ndi maso angawa, abale, pansi pakungotseguka, mwendo wake kulowa mpaka m'bondo, phulusa loyera kutumphuka ngati ufa. Kukuwa kwake sindingakulembe.

Banjo inagwa pansi. Agogo aja, oti kupita kumpopi ankapuma panjira, anakwera muluwo chokwawa. Atamufika anapisa manja onse awiri m'phulusa lamotolo, chifukwa phazi la Rute linali litakodwa pakati pa miyala, ndipo anafukula, kufukula ndithu ndi zala, mpaka analitulutsa. Anamukunkhuniza kutsika naye.

Nthawi imeneyo makomo anali akutseguka, azibambo akutuluka atavala mabulangete, maso ofiira.

"Ndani ameneyo? Mdala wapenga kodi? Sadziwa kuti anthu akugona?"

Amene anafika poyamba anali bambo anga, akutukwanabe. Ataona mwana wawo, ataona manja a agogo khungu likulendewera ngati nsanza, anangoti "Mayo!" n'kukhala pansi m'fumbi, munthu wamkulu.

Rute anachira, koma mpaka lero amayenda motsimphina. Agogo anatuluka kuchipatala zala zitamatirirana, zopindika ngati mapazi a nkhuku. Amayi anapita kukagwada pakhonde pawo, ine Esinati ndili kumbuyo nditanyamula tiyi.

"Agogo, manja anu! Tikupatseni chiyani ife?"

"Amake Esinati, dzukani. Zalazi zinaimba kokwanira. Mwendo wa mwanayo sunayende n'komwe."

Tiyiyo anamwa atapana kapu ndi zikhatho, ndipo sanalole kuti ndiwagwirire.

Patapita nthawi kunabwera makina atsopano a bayisikopo, otulutsa nyimbo zawozawo, malipenga ndi zoimbira zambirimbiri. Agogo ankakhala kumbuyo kwenikweni. Ndinkawaona zitsa za zala zikugwedezeka pabondo, akupukusa mutu. "Akuchedwa amenewa," anandinong'oneza tsiku lina, "hatchi yadutsa kale." Anamwalira ine ndisanakwatiwe. Masiku ano anyamata a magitala ku holo ya mowa amaiimba nyimbo ya mahatchi ija, anaiwonjezera liwiro, anthu n'kumavina mpaka fumbi kobo. Amati ndi ya ku Joni, yochokera pambale ya galamafoni.

Tsopano ndine mayi wa ana awiri, Filipo ndi Dorika, ndipo nyumba imene anatipatsa ili mumzere womaliza, moyang'anana ndi mulu wina. Ndikamachapa maso ali komweko, ndikamaphika maso ali komweko. Koma mwana ndi mwana. Sabata yatha Filipo analowa akumwetulira, matumba a kabudula ali tho.

"Amayi, taonani, ndakutolerani a pambaula!"

Anandiika malasha m'manja. Anali ofunda, chonsecho kunja kunali mitambo, dzuwa kunalibe. Ndinamununkhiza kumutu, mazira owola. Ndinamugwetsa pamphasa, kumugwira mapazi, kuwatembenuza, kuyang'ana pakati pa zala, iye akuseka poganiza kuti ndi masewera. Malasha aja anamwazika nyumba yonse.

Bambo ake anadzuka. "Mpatse mkwapulo ameneyo, asadzayambirenso."

"Iyayi, bambo a Filipo. Rute anabwerera chifukwa choopa mkwapulo."

Ndinabereka Dorika kumsana, ndinazula nsungwi yaitali yotchirikizira chingwe choyanikira zovala, n'kumugwira Filipo pamkono. Podutsa mumzere ndinaitana ana onse amene ndinawaona, olankhula Chinambya, olankhula Chilozi, a kwathu, onse. Tinaima m'munsi mwa mulu, pa nthaka yolimba. Ndinati, "Filipo, unatola pati?" Analoza. Ndinatambasula nsungwi ija n'kubaya pomwepo. Inalowa mosavuta ngati m'phala. Ndinadikira pang'ono n'kuizula. Nsonga yake inali yakuda, ikufuka, ndipo mphepo itaomba inayaka moto.

Palibe mwana anaseka. Ndinaisendeza pafupi ndi nkhope ya Filipo mpaka anabweza mutu.

"Iyi ndi nsungwi. Mwendo wako ndi wolimba kuposa nsungwi?"

"Ayi, amayi."

"Ukadzagwetsa chinthu pamenepa, kaya chitini, kaya mpira, kaya nsapato ya abambo ako, uchisiye. Ubwere udzandiuze. Sindidzakumenya. Wamva?"

Anagwedeza mutu, misozi ili m'maso. Nsungwi yopserera ija sindinaitaye. Ndinaizika pamapeto pa mzere wathu, pomwe pamayambira kanjira kopita kumulu, ndipo ana akamathamangitsana amafika pamenepo n'kukhota okha.