Chiwongolero cha Che Zakaria

Che Zakaria anayendetsa minibasi ya pakati pa Mangochi ndi Namwera mpaka pomwe shuga anawalowa m'maso. Zapafupi amaona bwinobwino, koma zakutali ndi chifunga chokhachokha. Minibasiyo itafa, iwo anapempha chiwongolero chokha, nachipachika m'shedi yawo kwa Mponda, komwe masiku ano amakonza njinga za kabaza.

Mkamwini wawo, Howard, ali ndi kachipinda kumsika komwe anthu amasewera gemu ya mpikisano wa magalimoto pa TV. Tsiku lina chiwongolero chapulasitiki cha makinawo chinathyoka. Che Zakaria atamva, manja anayamba kuwayabwa. Ankalakalaka kuyendetsanso, ngakhale msewu wake ukhale wa pagalasi. Koma munthu wamkulu angapemphe bwanji choseweretsa kwa mkamwini? Anatuma mwana wawo, Rahma.

"Ukawauze amuna ako abweretse makinawo, ndingowaona."

"Kungowaona, ababa?" anatero Rahma akubisa kuseka ndi mpango.

Makina atafika, Che Zakaria anatsitsa chiwongolero cha minibasi chija kuti achimange m'malo mwa chothyokacho. Chinali ndi bowo limodzi lalikulu pakati, pomwe makina anali ndi timabowo titatu. Pankafunika kambale kolumikiza ziwirizi. Che Zakaria anapaka girisi pa timabowoto, nadindapo katoni, ndipo anaboola chitsulo motsata madonthowo. Koyamba kanalemera kwambiri, makina anangobuula osatembenuka. Howard anayima chapatali, manja kumbuyo, osatha kunena kuti andiwotchera makina anga okhawa. Kachiwiri anakadula pa chivundikiro chokhuthala cha poto wa aluminiyamu, ndipo kanagwira.

Anabwerera nawo makinawo kumsika kuja, nawalumikiza ku TV.

"Wokonza ndiye amayesa," anatero Rahma akukankha mpando.

Che Zakaria anati bismillah, nanyamuka pang'onopang'ono, akuyenda kumanzere monga mwa lamulo. Magalimoto ena anawadutsa ngati mphepo. Pakona ina ya msewu wa pagalasiwo panali anthu akukweza manja. Iwo anachepetsa liwiro, napatukira m'mbali, nayima.

"Ababa, amenewotu ndi oonerera!"

"Iwe, munthu akakweza mkono sumupitirira," anayankha. "Nanga akwera kapena sakwera?"

Rahma anaseka mpaka kukhala pansi. Howard anayang'ana kudenga kuti asaseke. Galimoto ya Che Zakaria inafika yomaliza, koma yopanda ndi kachilonda komwe. Anakhalabe pampandopo, manja ali pa chiwongolero. Ntchito inali itatha, ndipo chifukwa chobwereranso panalibe.

Apa Howard, amene nthawi zonse ankalankhula nawo kudzera mwa Rahma, anasendera pafupi, nanjuta.

"Bambo, chitsulo chatsopano chimafuna kuchiona pafupipafupi. M'mawa kuno kumakhala kulibe anthu."

Che Zakaria anagwedeza chiwongolerocho uku ndi uku.

"Mabauti amamasuka, n'zoona."

Kuyambira pamenepo, asanatsegule shedi amayamba adzera kumsika, sipanala ili m'thumba. Howard amawayatsira makina, n'kutuluka kukasesa panja.